Boma liziwerenga amene apeza ntchito, osati amene avala mikanjo

Pafupifupi boma lililonse padziko lapansi limalonjeza kuti liphunzitsa achinyamata ntchito zamanja kuti ulova uthe. Lonjezoli limamveka nthawi ya kampeni, limamvekanso tsiku lowerenga bajeti, ndipo nthawi zonse limabwera ndi nambala: achinyamata ochuluka chonchi aphunzitsidwa, sukulu zakutizakuti zamangidwa, masatifiketi mwakuti aperekedwa. Ine ndine mphunzitsi wa zowotcherera zitsulo, ndipo nambala zoterezi ndakhala ndikulemba nawo, chifukwa fomu ya kumapeto kwa chaka imafunsa zomwezo. Analembetsa angati, anamaliza angati, anakhoza angati, atsikana alipo angati. Palibe pamene imafunsa kuti mwa amene anamaliza chaka chatha, ndi angati amene lero akudya za luso lomwe tinawaphunzitsa. Funso limeneli ndi limene ndikufuna lilowe m'ndondomeko za boma, chifukwa likangolowa, zambiri zimene timachita m'maphunziro a luso zidzayenera kusintha.

Ndiyambe ndi ntchito yanga, poti ndi imene ndimaidziwa bwino. Kuwotcherera sikuphunzirika pa bolodi. Mnyamata mutha kumufotokozera mitundu ya ndodo zowotcherera, n'kumuuza moto woyenera chitsulo chopyapyala ndi woyenera chochindikala, iye n'kulemba zonse m'kope mwaudongo. Koma tsiku loyamba akatsitsa chigoba kumaso n'kukhudzitsa ndodo pachitsulo, ndodoyo imakakamira. Amaikoka mwamantha, imakakamiranso. Ikayaka, dzanja limathawa, moto n'kuduka. Akachedwa pamalo amodzi, chitsulo chimabooka. Pamapita masabata kuti khutu lizolowere kulira kwa moto woyenda bwino, ndi kuti dzanja lizitsika lokha pang'onopang'ono pamene ndodo ikufupika. Akamaliza amagogoda chikhungwa chakuda chomwe chauma pamwamba, ndipo kunsi kwake n'kumene kumaoneka ntchito yeniyeni: mwina msoko wosalala wa mizere yofanana, mwina timabowo ndi zibuluma zosonyeza kuti zitsulo ziwirizo zangokhudzana pamwamba, mkati sizinagwirane. Apo n'kuti chitsulo chili chigonere patebulo. Kukadali kuwotcherera choimirira, kukadalinso cha pamwamba pa mutu, pomwe chitsulo chosungunuka chimadontha molunjika khosi la mwini ntchito.

Zonsezi zimafuna ndodo zambiri zoti zipse ndi zitsulo zambiri zoti ziwonongeke. Wophunzira amene sanawonongepo zitsulo sanaphunzire. Tsono tawerengani nokha. Kalasi ya ana 20, makina awiri, nthawi ya ku wekishopu maola atatu. Aliyense agwira makina mphindi 18, magetsi akakhala kuti sanazime ndiponso ndodo zilipo. Nthawi yotsalayo amaima kumbuyo kwa mnzake kumangoonerera. Pakatha miyezi 6 amalandira pepala lonena kuti ndi mmisiri, ndipo pepalalo limalowa m'chiwerengero cha unduna mofanana ndendende ndi la mnzake amene ankawotcherera tsiku ndi tsiku. Ndalama zikachepa, zoyamba kudulidwa ndi zipangizo zomwe zimatha ngati zimenezi, chifukwa sizioneka. Nyumba yatsopano ya sukulu imaoneka, imajambulidwa, dzina la wopereka thandizo limalembedwa pakhoma. Ndodo zikapsa palibe chotsala choti n'kuonetsa alendo, chonsecho ndi zimene zimapanga mmisiri.

Wolemba ntchito wodziwa zake sachedwa ndi pepala. Amatola zidutswa ziwiri za chitsulo n'kunena kuti, "Talumikiza izi." Kenako amazimanga pa vaisi, chida chopanira zitsulo, n'kuzipinda ndi hamala. Zikathyokera pamsoko, nkhani yathera pomwepo. Ndaonapo ana athu akubwezedwa pa mayeso otere, ndipo zimawawa kwambiri, chifukwa vuto silikhala ulesi wawo. Anabwera tsiku lililonse, anakhoza mayeso olemba, makolo anagulitsa zimene anali nazo kuti alipire fizi. Chimene sanapatsidwe ndi nthawi yokwanira pa makina.

Si nkhani ya sukulu imodzi kapena dziko limodzi. Mu 2017, David McKenzie, katswiri wa zachuma wa ku World Bank, anasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku amene anayeza mapologalamu ophunzitsa luso m'mayiko osauka ndi amene akutukuka kumene. Anali akafukufuku odalirika, aja amene anthu ofuna maphunziro amagawidwa mwa maere, ena n'kulowa, ena n'kutsala, kenako onse n'kutsatiridwa kuti kusiyana kwawo kuoneke. Anapeza kuti mwa anthu 100 alionse ophunzitsidwa, osakwana 3 ndi amene anapeza ntchito yomwe sakanaipeza popanda maphunzirowo, pamene kuphunzitsa munthu mmodzi kunkadya madola a ku America pakati pa 1,000 ndi 2,000. Nditamva zimenezi mtima unandipweteka, chifukwa ntchito yanga ndimaikhulupirira. Koma sindingazitsutse. Zikugwirizana ndi zimene ndimamva ndikakumana ndi ana anga akale pamsewu n'kuwafunsa kuti, "Nanga masiku ano muli kuti?"

Chenjezo linaperekedwa kalekale. Mu 1965, Philip Foster, amene anafufuza za maphunziro ku Ghana, analemba kuti kumanga sukulu za ntchito zamanja poganiza kuti pazokha zithetsa ulova n'kudzinamiza. Iye anaona kuti makolo ndi ana amene ankalimbirana sukulu za mabuku sanali opusa kapena onyada. Ankaona bwinobwino kumene kunali malipiro abwino, ndipo nthawi imeneyo kunali ku maofesi. Sukulu yokha singasinthe zimenezo. Luso limathandiza munthu kulowa pa ntchito imene ilipo, koma silibala ntchito. Mukaphunzitsa owotcherera 500 m'dera limene makampani ndi omanga nyumba akufuna 50, mwangochulukitsa anthu olimbirana kasitomala mmodzi, ndipo aliyense amatsitsa mtengo mpaka onse kumagwira ntchito yopanda phindu. N'chifukwa chake ndimanena kuti unduna woona za luso sungagwire ntchito pawokha. Wowotcherera amafuna magetsi osazimazima, amafuna anthu amene akumanga, amafuna fakitale imene ikukula. Zimenezi zili m'manja mwa maunduna ena, ndipo kawirikawiri maundunawo sakhala pa tebulo limodzi pokonza mapulani.

Komanso si ntchito iliyonse imene ili mwayi. Ku Ethiopia, akatswiri ofufuza Christopher Blattman ndi Stefan Dercon anatsatira achinyamata amene anapatsidwa ntchito m'mafakitale mwa maere, ndipo ambiri mwa iwo anasiya chaka chisanathe. Malipiro sankaposa zimene anzawo ankapeza kunja, ndipo ena umoyo wawo unasokonekera. Choncho kuwerenga munthu tsiku limene walembedwa ntchito sikokwanira. Tiyenera kudziwa ngati akadali pomwepo patatha chaka, ndi ngati zimene akulandira zikumusunga.

Aliyense wokamba nkhaniyi amafika potchula Germany, ndipo m'pomveka. Koma ambiri amakatengako mbali yolakwika. Amapita kukaona makina onyezimira m'sukulu, n'kubwerera kwawo kukaitanitsa makina. Mphamvu ya dongosolo lawo siili pamenepo. Ku Germany wachinyamata wofuna kuphunzira ntchito sayamba ndi kufunsira malo kusukulu. Amayamba ndi kufunafuna kampani yoti imutenge ngati wophunzira ntchito. Amasainirana pangano, ndipo kuyambira mwezi woyamba amalandira malipiro. Pa sabata, masiku 3 kapena 4 amakhala kuntchito, tsiku limodzi kapena awiri kusukulu, kwa zaka 2 mpaka 3 ndi theka malinga ndi ntchito yake. Lamulo loyendetsa zimenezi linakhazikitsidwa mu 1969. Ntchito zovomerezeka kuphunziridwa mwanjira imeneyi n'zoposa 300, ndipo zoyenera kuphunzira pa ntchito iliyonse amagwirizana ndi boma, mabungwe a olemba ntchito ndi mabungwe a ogwira ntchito. Mayeso omaliza amayendetsa ndi mabungwe a amalonda ndi a amisiri, kotero kuti mphunzitsi sadzichonga yekha. Kuyambira mu 2020 lamulo linaikanso malipiro ochepetsetsa a wophunzira ntchito, omwe anayambira pa mayuro 515 pamwezi m'chaka choyamba.

Taonani chimene chimachitika zinthu zikayenda chonchi. Malo ophunzirira amatseguka pokhapokha pali kampani yomwe yavomera kuika ndalama zake pa mwanayo. Kampani singatenge ana oti iwaphunzitse ntchito imene ikutha, ndiye kuti chiwerengero cha ophunzira chimatsata ntchito zimene zilipo, popanda wina wa mu ofesi kulosera za zaka zisanu zikubwerazo. Vuto la ndodo lija silikhalapo, chifukwa mwanayo akuwotcherera katundu weniweni wa kasitomala, pa makina amene kampani ikugwiritsa ntchito lero, pambali pa mmisiri amene sangalole msoko woipa kutuluka pageti. Ku Switzerland, kumene pafupifupi achinyamata 2 mwa 3 alionse amasankha njira imeneyi akamaliza sukulu yokakamiza, kafukufuku wa Stefan Wolter wa ku yunivesite ya Bern anaonetsa kuti makampani ambiri amabweza ndalama zawo maphunziro asanathe, popeza m'zaka zomalizira wophunzirayo amakhala akugwira kale ntchito ya mmisiri. Makampaniwo sachita zimenezi mwachifundo, amapindula nazo. Ndipo mwana amene wadzera njirayi satsekeredwa: pali mayeso ena amene akakhoza amatha kupita ku yunivesite ya zaluso. Kholo limalola mwana wake wanzeru kukavala ovolo likadziwa kuti khomo la maphunziro apamwamba silinatsekeke.

Sindikunena kuti dziko lililonse likopere zimenezi. Dongosolo la ku Germany limayenda chifukwa kuli makampani ambiri olembetsedwa, mabungwe a amisiri akalekale, ndi kukhulupirirana komwe kunamangidwa pa mibadwo ingapo. Zotere sizibwera ndi ndege. Chimene chingatengedwe ndi mfundo yake: wolemba ntchito alowemo pachiyambi, maphunziro asanakonzedwe, m'malo moitanidwa pa tsiku lopereka masatifiketi kuti adzalankhule mawu olimbikitsa.

Mfundoyi yagwirapo ntchito ngakhale pa kagulu kochepa. Ku San Antonio, m'dziko la America, fakitale ya Levi Strauss itatsekedwa mu 1990, anthu oposa 1,000 anachotsedwa ntchito, ambiri mwa iwo amayi. Magulu a mipingo ndi a anthu a m'madera anayambitsa pologalamu yophunzitsa anthu ntchito yotchedwa Project QUEST mu 1992. Asanaphunzitse aliyense anapita kwa olemba ntchito kukafunsa kuti ndi ntchito ziti za malipiro abwino zimene zikusowa anthu, ndipo zambiri zinapezeka m'zipatala. Kenako anatenga anthu osauka n'kuwalipirira maphunziro a ntchito zimenezo ku makoleji omwe analipo kale. Anawathandizanso ndi mabuku, mayendedwe ndi chisamaliro cha ana, ndipo mlangizi ankakumana nawo sabata iliyonse. Kafukufuku wa maere anapeza kuti patatha zaka 9, amene analowa m'pologalamuyi ankalandira madola oposa 5,000 pachaka kuposa anzawo amene sanalowe. Phindu la mapologalamu ambiri limazilala pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, koma ili linakhalitsa.

Pa chitsanzo chimenechi, chimene chimandigwira mtima ndi mayendedwe ndi ana aja. Okonza ndondomeko amaganiza kuti akachotsa fizi ndiye kuti maphunziro ndi aulere. Kwa munthu wosauka, tsiku lililonse limene ali m'kalasi ndi tsiku limene sanapeze kanthu, ndipo pakhomo pali anthu amene akumudikira. Atsikana amene ndawaphunzitsa ambiri amakhala ndi dzanja lodekha, ndipo msoko wawo umakongola msanga kuposa wa anyamata othamanga magazi. Koma ndi iwo amene amayamba kujomba. Mwana wadwala, mayi adwala, womusiyira khanda wachoka, njira ndi yaitali ndipo kubwerera kuli mdima n'koopsa. Ukawafunsa sanena kuti ntchitoyi yawakanika. Akapirira n'kufika popita kukayeserera ntchito ku kampani, amakapeza magolovesi ndi nsapato za amuna akuluakulu zokhazokha, zala n'kumasambira m'golovesi pamene akufunika kugwira ndodo mosagwedezeka, ndipo malo ena alibe ngakhale chimbudzi cha akazi. Fomu ija imangolemba kuti atsikana mwakuti anasiya. Ndalama yochepa ya mayendedwe, malo osungirako ana pafupi ndi sukulu, ndi zovala zowakwana zikanasunga ambiri a iwo, ndipo mtengo wake sufika pa wa makina amodzi amene amagulidwa n'kukhala m'katoni chifukwa palibe wodziwa kuwayendetsa.

Nanga ndalama zichokere kuti? Njira imene mayiko ambiri anatsata ndi msonkho wa luso, pomwe kampani imapereka gawo laling'ono la ndalama zimene imalipira antchito ake. Brazil inayamba kale, mu 1942, pokhazikitsa SENAI, bungwe limene limayendetsedwa ndi eni mafakitale. Lula da Silva, amene anadzakhala pulezidenti wa dzikolo, anaphunzira kumeneko ntchito yosema zitsulo pa makina. South Africa inakhazikitsa msonkho wake ndi lamulo la 1999, ndipo makampani amapereka 1 peresenti. Malawi nayo ili ndi msonkho wa 1 peresenti wopita ku TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Maganizo ake ndi abwino chifukwa amayankha mantha enieni. Kampani imaopa kuphunzitsa munthu, poti akangodziwa ntchito, kampani ina yomwe sinawononge kalikonse imamukopa ndi malipiro okwererapo pang'ono. Onse akamasonkha, wophunzitsa sakhalanso wolipira yekha.

Koma kutolera ndalama n'kosavuta poyerekeza ndi kuzifikitsa kwa oyenera. Britain inayamba msonkho wotere mu 2017, wa 0.5 peresenti kwa olemba ntchito amene malipiro a antchito awo amaposa mapaundi 3 miliyoni pachaka. Cholinga chinali chakuti ophunzira ntchito achuluke, koma chiwerengero cha oyamba kumene chinatsika, makamaka pakati pa achinyamata ndi pa maphunziro a m'munsi. Makampani ambiri anaona kuti njira yachidule yobwezera ndalama zawo ndi kutumiza antchito awo akale, ena a iwo mabwana, ku maphunziro a utsogoleri, mpaka a digiri yachiwiri. Sanaphwanye lamulo. Ndalama zinangoyenda njira yosavuta, ndipo mwana wa zaka 17 wopanda pogwira, amene msonkhowo unayenera kumutsegulira khomo, anatsala panja. Boma likamatolera msonkho wa luso liyenera kunena poyera gawo limene lasungidwira olowa kumene, ndipo olemba ntchito amene akusonkha azikhala ndi mawu enieni pa kagwiritsidwe kake, chifukwa akaona kuti ndi msonkho wamba chabe amasiya kusamala za zotsatira.

Pali gulu lalikulu limene ndondomeko zambiri zimalilumpha. Bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, linanena mu 2018 kuti anthu 2 biliyoni, omwe ndi oposa 60 mwa 100 alionse ogwira ntchito padziko lonse, ali pa ntchito zosalembetsedwa, ndipo mu Africa ndi pafupifupi 86 mwa 100. Anthu amenewa ambiri sanaphunzire luso kusukulu. Anaphunzira kwa mmisiri, poyamba kumangomupatsira zida ndi kusesa, kenako kudula, kenako kugwira makina. Ine amisiri oterewa ndimawalemekeza. Mwana wawo amadziwa zinthu zimene wanga sadziwa: kulankhula ndi kasitomala, kutchula mtengo osadzipweteka, kupanga chinthu ndi zitsulo zimene zilipo. Koma amatengeranso zolakwa za mbuye wake zonse. Sadziwa chifukwa chake chitsulo chimapindika chikatentha mbali imodzi, amangodziwa kuti chimapindika. Amawotcherera atavala magalasi a dzuwa, usiku maso n'kumalasa ngati athiridwa mchenga, iye n'kumati ndi mmene ntchitoyi imakhalira. Ena amasungidwa zaka zambiri osalipidwa. Ndipo akachoka pamenepo alibe chosonyeza kwa mlendo kuti ntchito amaidziwa.

Boma lanzeru lingayambire kwa amisiri amenewa, chifukwa makina ali nawo, makasitomala ali nawo, ndipo akuphunzitsa kale anthu ochuluka kuposa sukulu zonse za luso. Ku Benin anachita zotere: ana ophunzira kwa amisiri amapita masiku ena ku malo a maphunziro kukawonjezera zimene sangazipeze kwa mbuye wawo, n'kudzalemba mayeso ovomerezeka ndi boma. Mmisiri mwiniwakeyo nayenso amafuna kuphunzitsidwa njira zatsopano, ndipo amene wagwira ntchito zaka zambiri ayenera kuloledwa kuyesedwa pa zimene amadziwa kale n'kupatsidwa pepala, osamuuza kuti ayambire chaka choyamba pamodzi ndi ana.

Apa ndinene momveka kuti satifiketi sindidana nayo. Ku Uganda, akatswiri a zachuma, mmodzi mwa iwo Oriana Bandiera, mogwirizana ndi bungwe lachitukuko la BRAC, anayerekeza achinyamata amene anaphunzira miyezi 6 kusukulu ya luso ndi amene anaikidwa kwa eni mabizinesi kuti aphunzirire pantchito. Magulu onse awiri anapeza luso, koma m'kupita kwa zaka a kusukulu aja anapitirira anzawo, chifukwa anali ndi pepala limene wolemba ntchito wina aliyense akanalikhulupirira. Ntchito ikatha ankapeza ina msanga, ndipo ankatha kusamukira kumene kuli malipiro abwino. Ndiye kuti satifiketi ndi yamphamvu ikamanena zoona. Imafooka tikamaipereka kwa aliyense amene wangokhala pa mpando miyezi yokwanira, ndipo ikafooka imapweteka ngakhale mwana amene anaigwirira ntchito, poti wolemba ntchito sathanso kusiyanitsa.

Vuto lina limayambira kutali, mwana asanaganize n'komwe za ntchito. Mu 2022, World Bank ndi mabungwe anzake anayerekeza kuti m'mayiko osauka ndi apakatikati, ana 70 mwa 100 alionse a zaka 10 satha kuwerenga ndi kumvetsa nkhani yosavuta, ndipo kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndi pafupifupi 9 mwa 10 alionse. Ana amenewa amakula, ndipo ambiri amafika kwa ife. Ndimamupatsa mnyamata tepi kuti adule chitsulo cha mamilimita 1,250, iye n'kumaiyang'ana tepiyo nthawi yaitali, chala chikuyendayenda pakati pa 12 ndi 13. Ndimamupatsa chojambula cha geti kuti awerengere kutalika kwa zitsulo zofunika, n'kuona kuti kuchulukitsa ndi kugawa kukumuvuta. Manja ake akhoza kukhala abwino kwambiri, koma popanda masamu amenewa adzakhala wothandizira wina moyo wake wonse, chifukwa sangawerengere ntchito yakeyake osaluza. Paja akuluakulu amati m'mera m'poyamba. Ndalama yophunzitsa mwana wa zaka 7 kuwerenga ndi kuwerengera ndi ndalama ya maphunziro a luso, ngakhale imalembedwa pa bajeti ya unduna wina.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amati ana olephera m'kalasi azingotumizidwa ku ntchito zamanja adakali aang'ono. Maganizo amenewa amanyoza mwanayo, amanyozanso ntchitoyo. Singapore itakhazikitsa ITE, sukulu yake ya maphunziro a luso, mu 1992, inakonza zoti mwana azilowa kumeneko atatha zaka 10 za sukulu wamba, ndipo boma linaikako ndalama zambiri kuti malowo asamaoneke ngati kotayira olephera. Poland, pa kusintha kwa maphunziro kwa mu 1999, inachedwetsa ndi chaka chimodzi kugawa ana pakati pa sukulu za mabuku ndi za luso, ndipo ana ake anayamba kuchita bwino pa mayeso a PISA, omwe amayerekeza ana a sukulu a m'mayiko osiyanasiyana, makamaka aja amene akanapatutsidwa msanga. Makina asintha kangapo pa moyo wa mwana amene ndikumuphunzitsa lero, ndipo wodziwa kuwerenga ndi amene adzathe kuphunzira atsopanowo.

Za mpamba ndingonena mwachidule. Wowotcherera wopanda makina sangadzilembe yekha ntchito, ngakhale atamva nkhani zambiri zolimbikitsa bizinesi. Kumpoto kwa Uganda, mu 2008, boma linapatsa magulu a achinyamata ndalama zokwana pafupifupi madola 380 pa munthu kuti alipirire maphunziro ndi kugula zida. Patatha zaka 4 ankapeza ndalama zoposa za anzawo ndi 38 peresenti. Patatha zaka 9 anzawo aja anali atawapeza. Ena amati ndiye kuti pologalamuyo inalephera, koma ine ndimaona zaka zingapo zimene munthu anakhala ndi chochita m'malo modikira, ndipo pa moyo wa wachinyamata zaka zimenezo si zochepa.

Kuwerenga amene apeza ntchito si chinthu chovuta. Wophunzira aliyense asiye nambala ya foni yake ndi ya wachibale. Pakatha miyezi 6, chaka chimodzi, ndi zaka 3, bungwe loima palokha, lomwe si sukuluyo, limuimbire n'kumufunsa mafunso ochepa: mukugwira ntchito, ndi ya luso limene munaphunzira, mwadzilemba nokha kapena mwalembedwa, mumapeza zingati pamwezi. Wodzilemba yekha awerengedwe mofanana ndi wolembedwa, bola ngati lusolo likumusunga. Zotsatira zisindikizidwe poyera, sukulu ndi sukulu, kosi ndi kosi. Singapore imachita kafukufuku wotere chaka chilichonse pa omaliza maphunziro ake, ndipo aliyense atha kuona zotsatira. Mwana wosankha kosi ndi kholo limene likulipira ali ndi ufulu wodziwa zimenezi ndalama isanatuluke m'thumba.

Pali ngozi imodzi imene ndikuiona, ndipo ndi yaikulu. Boma likangonena kuti sukulu izilandira ndalama malinga ndi ana amene apeza ntchito, sukulu zidzayamba kusankha ana osavuta: odziwa kale kuwerenga, okhala pafupi, opanda makanda, a makolo odziwana ndi mabwana. Mtsikana uja wa mwana kumsana ndi mnyamata uja wa tepi adzabwezedwa pageti, nambala n'kumaoneka zokongola. Choncho gawo lokha la ndalama ndi limene liyenera kudalira zotsatira, ndipo sukulu yofikitsa pantchito munthu amene anayambira kutali izilandira zambiri kuposa yofikitsa amene akanafika yekha.

Nambala zimenezi zikadzatuluka zidzatiwawa ife aphunzitsi poyamba. Zidzaonetsa makosi amene akhala akutsegulidwa chaka ndi chaka chifukwa choti mphunzitsi wake alipo ndipo makina ake alipo, pamene ntchito yake kunja inatha. Zidzaonetsanso kuti ena mwa ife tinachoka m'mafakitale kalekale, ndipo tikuphunzitsa pa makina amene makampani anasiya. Ndikufuna lamulo lotibweza ku fakitale kwa milungu ingapo chaka chilichonse kuti manja athu asaiwale ndiponso tione zimene zasintha. Ndipo zikadzapezeka kuti dera limene ndikugwira lili ndi owotcherera okwanira, koma likusowa okonza mapampu a madzi kapena oika magetsi a dzuwa, kosi yanga ichepetsedwe, ana apite kumene kuli ntchito, ine ndikaphunzitsidwe zatsopanozo kuti ndidzawaphunzitse.